Funso Limene Mnzake Ankalidumpha

M'tauni ina ya m'mbali mwa msewu waukulu munali mayi wina wa ana awiri. Mayiyu ankaphunzira kasamalidwe ka ana aang'ono pamodzi ndi anzake khumi ndi anayi, mu holo ya tchalitchi imene mkati mwa sabata inkasanduka kalasi. Maphunziro anali pafupi kutha. Ndiye kunabwera uthenga woti kuseri kwa msika akutsegula sukulu yatsopano ya mkombaphala. Ankafuna anthu atatu, ndipo intavyu inali Lolemba.

Sabata yomaliza ija, mphunzitsi wawo, Mayi Chikakuda, anati zolemba pabolodi zakwana. Anakokera matebulo pakati, mpando uku, mpando uku. Anagawa mapepala a mafunso asanu ndi atatu amene mabwana amakonda kufunsa. Ophunzira azisinthana, wina akhale bwana, wina akhale wofuna ntchito. Wofuna ntchitoyo atuluke panja, agogode, alowe, apereke moni, adikire kuti amupatse mpando. Akalakwitsa, mawu a Madamu anali amodzi: “Tulukani, gogodaninso.”

Kalasi inadzaza phwete. Mtsikana wina atangolowa anagwadira pakhomo pomwepo.

“Ulemu ndi wabwino, mwanawe,” anatero Madamu, “koma kuno si kwa apongozi. Dzuka, tuluka, gogodanso.”

Yotamu, mwamuna yekhayo m'kalasimo, ubwana unamuyenera kuposa onse. Anabwera ndi magalasi a malume ake, nawakhazika kunsonga kwa mphuno.

“Mwati dzina lanu ndani? Kwezani mawu, mayi. Kuno sitilemba ntchito udzudzu.”

Mayi wa ana awiri uja ankaseka nawo. Koma akaseka pang'ono, maso ake ankabwerera papepala. Akachotsa maso, amabwereranso. Pa nambala sikisi panalembedwa kuti: Kumene munkagwira ntchito kale munasiyiranji?

Zaka zitatu m'mbuyomo, mayiyu ankagwira ntchito pa mkombaphala wina, kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lina m'mawa foni yake inalira. Anali mchemwali wake, nkhani yake yosafulumira n'komwe, ya nsalu za paukwati. Ana ankasokosa, ndiye anatuluka kunja kwa geti kuti amve bwino. Pobwerera anangokankha getilo, osakoweka. Kamwana ka zaka zitatu kanaona mpata, n'kutuluka. Anakafunafuna maola awiri, m'ngalande, m'chimanga, m'misewu. Anakakapeza pasiteji ya minibasi, mayi wogulitsa makala atakakhazika pathumba, atakagulira nthochi, akufunsa aliyense wodutsa ngati akukadziwa. Mwanayo analibe ndi bala lomwe. Mayi ake a mwanayo sanakalipe. Anangomuyang'ana wosamalira uja, n'kubereka mwana wawo, n'kumapita. Ntchito inathera pomwepo tsiku lomwelo.

Chichokereni kumeneko, ntchito ina sanaipezenso. Ankakazinga zitumbuwa, mwamuna wake akupalasa kabaza, ana akukula, nsapato zikuwathina. Ntchito ya Lolembayi ankaifuna ndi mtima wonse. M'kalata yofunsira ntchito anali atalemba dzina la sukulu yakale ija, poti ndi pokhapo pamene anagwirapo, ndipo Madamu anali atanena kuti amene anagwirapo kale amakhala patsogolo.

Yankho anali atalikonza. “Tinasamuka, abwana. Abambo akunyumba anapeza malo kuno.” Kusamukako kunachitikadi, koma patapita miyezi isanu ndi umodzi chimuchotsereni ntchito. Ankaliyeseza yankholo pochapa. Ankaliyeseza panjira. Mawu ake anali osavuta, koma nthawi iliyonse akawatchula, ankadziwa kuti akunama.

Tsono m'kalasimo munali mayi wina dzina lake Edesi, amene ankakhala naye benchi imodzi. Edesi kwawo kunali kutsidya kuja, ndipo tsiku lija anali m'gulu la amene anafunafuna mwana m'chimanga. Miyezi isanu ndi inayi ya maphunziro, nkhaniyo sanaitchule ngakhale kamodzi. Mnzake akachedwa ankamusungira malo. Akabwera ndi mtedza ankamuthirira m'manja osayang'ana. Anali munthu wotero.

Lachiwiri Madamu anawaika awiriwa tebulo limodzi, Edesi bwana. Mayi uja anagogoda, analowa, anapatsidwa mpando. Funso loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Mtima unayamba kugunda m'makutu. Atatha lachisanu, Edesi anaika chala chachikulu pa nambala sikisi, nakhosomola pang'ono, n'kuwerenga nambala seveni. Madamu anali tebulo lina, sanaone. Mayi uja anapuma mpweya wautali. Potuluka anagwira mkono wa Edesi.

Lachitatu zinachitikanso chimodzimodzi. Koma ulendo uno mpumulo uja sunafike ngakhale kunyumba. Ali m'njira, mtima unayambiranso. Edesi wadumpha, inde. Nanga Lolemba adzadumphe ndani?

Lachinayi kalasi kunalibe, ndipo mayiyu sanathe kukhala pansi. Anasesa pabwalo, patapita kanthawi n'kusesanso posesasesa. Anasita bulauzi ya Lolemba, anaipachika, anaitsitsa, anaisitanso. Anapita kukatunga madzi mitsuko ili yodzaza. Mwana wake wamkulu atangogwetsa supuni, anamukalipira ngati waswa mbale zonse. Mwanayo anatola supuniyo. Patapita nthawi anabwera ndi kapu ya madzi, n'kuiika pafupi ndi phazi la mayi ake.

Njira zinali zitatu, ndipo ankazizungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Akanene bodza lija. Kapena Lolemba angodzuka n'kukoleza moto wa zitumbuwa ngati masiku onse, anthu akafunsa anene kuti mutu unamupweteka. Kapena akanene zimene zinachitika. Njira yachitatuyi akangoiganiza, ankabwerera ku yoyamba. Ndani angapereke ana a eni kwa munthu amene anatayapo mwana?

Lachisanu linali tsiku lomaliza. Tebulo linatsala limodzi, kutsogolo, kalasi yonse ikuonerera. Madamu anakhala kumbuyo ndi kope lawo. Mabwana anali awiri, Yotamu ndi magalasi ake, ndi Edesi atagwira pepala. Anadutsa anthu asanu ndi mmodzi. Kenako linaitanidwa dzina la mayi uja.

Anagogoda. Analowa. Anayankha loyamba mpaka lachisanu. Ndipo anaona chala cha Edesi chikutsetsereka papepala, n'kukaphimba pamalo paja.

“Funso lotsatira,” anatero Edesi, “mwana akakana kudya phala, mungatani?”

Mayi uja anati: “Pepani abwana. Mwadumpha limodzi.”

Edesi anaweramira kutsogolo, nanong'ona: “Achemwali, zisiyeni.”

“Lolemba inu simudzakhalako, achemwali. Ndifunseni.”

Edesi anachotsa chala chija pang'onopang'ono. Anawerenga osadzutsa mutu: “Kumene munkagwira ntchito kale munasiyiranji?”

Koma lilime limayenda njira imene linazolowera. Mayi uja anangodzimva akunena kuti, “Tinasamuka, abwana. Abambo akunyumba…” Analekezera pomwepo. Pamaso pake panali munthu amene anamuona tsiku lija akuthamanga wopanda nsapato, akuitana dzina la mwana wa eni. Anaimirira, natembenukira kumbuyo.

“Madamu, ndalakwitsa. Ndituluke?”

“Tulukani, gogodaninso.”

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Kuchokera pakhonde la holoyo njira yakunyumba inkaoneka yonse, yoyera, yopanda womuletsa. Chikwama chinali mkati, koma Edesi akanamubweretsera. Anatsika sitepe imodzi. Anabwerera. Anatsikanso. Anakweza dzanja kuti agogode, n'kulitsitsa, n'kukonza mpango umene unali bwinobwino. Mkatimo anthu ankadikira. Potsiriza anagogoda.

“Lowani,” anatero Yotamu, ndipo mawu aubwana aja anali atachepa.

Funso litabweranso, mayiyu ananena zonse. Foni, geti, chimanga, mayi wa makala, maso a mayi ake a mwana. Mawu ankaduka, n'kulumikiza, n'kudukanso. Misozi inagwera pabulauzi. Yotamu anavula magalasi aja n'kuwaika m'thumba. Mtsikana wogwada pakhomo uja anadzuka mwakachetechete, anaika kansalu kake kopukutira thukuta patebulo, n'kubwerera pamalo pake.

Onse ankayembekezera kuti Madamu amuyamikira. Madamu anatseka kope lawo.

“Mwanena zimene zinachitika. Simunanene zimene mwakhala kuchokera tsikulo. Bwana sadzafuna misozi, mayi, adzafuna kudziwa ngati ana ali pabwino m'manja mwanu. Tulukani, gogodaninso.”

Anatuluka. Anagogoda kachitatu. Mawu anadukanso, koma anafika patsogolo pang'ono. Anagogoda kachinayi. Nthawi yoweruka inali itadutsa, ena anali ndi ana oti akawatenge kusukulu, koma palibe anagwira chikwama. Ulendo wachinayiwo mayiyu anakhala mowongoka, anayang'ana mabwana ake kumaso, nati:

“Anandichotsa ntchito, abwana. Ndinasiya geti losakoweka ndikuyankha foni, mwana n'kutuluka. Anapezeka wamoyo, koma kulakwa kunali kwanga. Kuyambira tsikulo, ndikakhala ndi ana foni imakhala m'chikwama, ndimawawerenga polowa ndi potuluka, ndipo geti sindituma munthu.”

Madamu anagwedeza mutu kamodzi. “Basi. Lolemba mukanene choncho.”

Potuluka, Edesi anamupeza pakhonde. “Ine ndimayesa ndikukuthandizani, achemwali.”

“Munandithandiza. Mukanandifunsa Lachiwiri, ndikanathawa.”

Loweruka mtima sunakhazikike, Lamulungu chimodzimodzi. Kunena zoona kwa anzako si kupeza ntchito, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Lolemba anavala bulauzi yake, anapita kuseri kwa msika, anakhala pamzere wa anthu oposa makumi awiri. Ataitanidwa anagogoda chitseko chenicheni. Mkati munali bambo wachikulire, mwini sukuluyo, ndi mayi wina wolemba. Funso lija silinadikire nambala sikisi. Linabwera ngati funso lachiwiri.

Mayiyu anayankha monga anayankhira Lachisanu.

Bambo uja anayang'anizana ndi wolemba uja. “Nkhaniyi tinaimva kale, mayi. Titaona kalata yanu tinafunsa kumene munkagwira. Timangodikira kuti timve ngati muinene nokha.”

Anamulemba ntchito moyesa, teremu imodzi. Pobwerera kunyumba anayenda pang'onopang'ono, koyamba m'sabata yonseyo.

Amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata amene mwasonkhana m'tchalitchi muno, aliyense wa ife ali ndi funso lake limene safuna kufunsidwa. Wina ndi mawu amene ananenera mnzake kumbali, n'kumupasulira banja. Wina ndi m'bale amene sanamulankhule chiyambire maliro aja. Wina ndi chinthu chimene akuchidziwa yekha. Yankho tinalikonza kale, theka loona, theka lonama, ndipo timaliyeseza mpaka m'pemphero. Anzathu otikonda amatidumphira funsolo. Tisawanyoze, chifundo chawo n'chenicheni, ndipo nthawi zina n'chimene chimatisunga kufikira titapeza mphamvu. Koma chifundo chodumpha chimapumitsa tsiku limodzi lokha. Mawa mtima uyambiranso kuzungulira.

Likubwera tsiku limene tidzaime pamaso pa Mulungu, ndipo pa tsikulo sipadzakhala mnzathu woika chala papepala. Iye nkhani yathu anaimva kale. Safunsa kuti adziwe, amafunsa kuti tinene tokha, atimasule. Ndipo moyo uno, mpingo uno, m'mawa uno, ndiyo kalasi imene watipatsa. Muno munthu amaloledwa kulakwitsa, kutuluka, n'kugogodanso, kachiwiri, kachitatu, kachinayi, abale akudikira osagwira zikwama.

Choncho musadikire Lolemba. Lero lomwe, mukagwada, muuzeni kuti, “Ambuye, pali funso limene ndakhala ndikulithawa. Ndifunseni.” Mawu akaduka, yambiraninso. Iye sathamangira kulikonse.