Tsiku Limene Dzungu Anagona Pansi

Chotsani mapazi pamenepo, ana inu, mukuponda nkhwani. Kodi mukudziwa kuti chimene mukupondacho chinali mtengo? Ikani makasu pansi, sathawa, ndikuuzeni.

Kalekale, zomera zikadalankhula ndi anthu, Dzungu anali mtengo wautali kuposa mpapaya. Masamba ake ankasewera ndi mphepo, maluwa ake achikasu ankaoneka munthu ali kutsidya, ndipo mitambo ikatopa inkapumira pamutu pake. Iyeyo ankanyadira kwambiri kuti ndiye woyamba kuona mvula ikubwera.

Mtengowo unali m'kamunda ka kuseri kwa nyumba ya Nachisale. Mayi ameneyu anali waukhondo, koma ukhondo wake unali wonyanya. Ankasesa pabwalo, n'kupitirira mpaka m'munda. Tsamba likagwa, tsache. Mapesi akauma, moto. Nthaka ya m'kamundamo inali mbee, ngati mbale yotsukidwa.

Amuna ake, a Kanyoza, ankamuuza kuti, "Nachisale, munda si chipinda. Siyako tizinyalala, nthaka ifunde."

"Abambo, mukufuna anthu azinena kuti ndine mve? Pitani kokasema mipini uko."

Chaka china mvula inagwa kawiri n'kuiwala njira. Tsono m'kamundamo Nachisale anali atadzala chimanga cha maso ofiira, mbewu imene malemu mayi ake anamusiyira. Anadzala yonse, osasungako ngakhale chitsononkho chimodzi. Ng'amba itakula, chimangacho chinapinda masamba. Ankathirira m'mawa ndi madzi a kuchitsime, koma dzuwa lisanafike pamutu madziwo anali atapita, nthaka ili ng'alung'alu.

Tsiku lina masana, mpweya ukuvina pamwamba pa mizere, Nachisale anakhala pansi pa mtengo wa Dzungu n'kuyamba kulira. Sankalirira njala ayi. Ankalirira kuti chimanga chija chikafa, ndiye kuti mayi ake afa kachiwiri. Ali pakati pa tulo ndi maso, anamva mawu aang'ono akuchokera m'ming'alu.

"Ndapsa msana. Madzi amene umandipatsa, dzuwa limandilanda ndisanameze. Unandivula, mwana wanga."

Inali Nthaka. Nachisale anachita manyazi kwambiri. Anamasula nsalu ya paphewa n'kuiyala pamzere, koma inangokwana mapando awiri. Anayang'ana uku ndi uku, tsamba ngakhale limodzi panalibe. Zonse anali atatentha yekha.

Pamenepo Dzungu analankhula kuchokera kumwamba, pang'onopang'ono, monga amachitira amene saona chothamangira.

"Mayi, masamba anga ndi aakulu. Nditagona pansi ndikhoza kufunditsa munda wonsewu."

"Gonani, chonde, gonani! Mvula ikabwera mudzadzuka."

"Ayi. Mtengo ukagona sudzuka. Sindidzaonanso kutsidya, ndipo mitambo sidzandipezanso."

Nachisale akanapempha bwanji chinthu chotere? Koma anayang'ana chimanga cha mayi ake, n'kugwada.

"Ndilibe chokubwezerani."

"Chilipo. Tsache lako lisadzalowenso muno. Chimene chagwa m'munda chizigona m'munda."

Mukuganiza kuti anayankha msanga? Anthu aukhondo ndi ouma mutu, ine ndimawadziwa, ndinabadwa kwa mmodzi. Anaganiza za amayi a kuchitsime ndi pakamwa pawo. Kenako anatola tsache lija n'kuliponya kunja kwa mpanda.

Dzungu anayang'ana mapiri komaliza, nthawi yaitali ndithu. Ndiye anayamba kuwerama. Sanagwe ndi phokoso ngati mtengo wodulidwa. Thunthu lake linafewa, linaonda, linatsika mwakachetechete ngati chingwe, n'kuyamba kuyanga pakati pa mizere. Pamene wadutsa ankatambasula tsamba, pena tsamba, mpaka munda wonse unasanduka wobiriwira. Maungu amene ankalendewera kumwamba anakhala pansi phee, ngati ana ogona.

A Kanyoza pobwera anaima pampanda, mpini uli m'manja.

"Nachisale, mtengo uja uli kuti?"

"Ndi uwu, abambo. Pondani bwino."

M'mawa mwake anathirira monga mwa masiku onse. Madzulo anapisa dzanja pansi pa masamba, napeza dothi lozizira, lonyowa. Patapita masiku atatu chimanga chinatambasula masamba, ndipo chinapirira mpaka mvula inakumbuka njira. Chinabereka, mbewu ya mayi ake sinathe. Amayi a kuchitsime anamuseka ndithu, koma chaka chotsatira ndi iwo omwe anabwera kudzapempha nthanga za maungu.

Ndi chifukwa chake lero dzungu limayanga pansi, ndipo timalidzala pakati pa chimanga kuti nthaka isapse msana. Ndi chifukwa chakenso mapesi ndi masamba timawasiya m'munda m'malo mowatentha. Koma Dzungu sanaiwale kwawo. Mukadzaona nsonga yake itadzutsa mutu, kapena timanja take titagwira mpanda n'kuyamba kukwera, musadzamuchotse. Akungofuna kusuzumira ngati mvula ikubwera.