Munda Umene Sunagone Tsala

Panali mayi wina amene ankakhala kuseri kwa Lizulu, kumene msewu ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambiki. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo mwana analibe. Chimene anali nacho ndi minda iwiri imene amayi ake anamusiyira. Wina unali kudambo, wa nthaka yakuda bii. Wina unali kumtunda, wa miyalamiyala.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, pakhomo pake panafika munthu wothawa nkhondoyo, dzina lake Zuze. Anafika ndi mkazi wake, mphasa ili pamutu, khanda lili kumbuyo. Sanapemphe munda ayi, anangopempha madzi akumwa. Koma mayi uja atawayang'ana, chifundo chinamugwira. M'mawa mwake anaitana akuluakulu a pamudzi n'kupita nawo kumunda wa kumtunda. Anadula nthambi za nkhadze, n'kuzibzala yekha m'malire monse, Zuze atangoima poteropo kukamwa kuli yasa.

"A Zuze, munda uwu ndi wanu, inu ndi ana anu," anatero mayiyo. "Ine ndili moyo, palibe amene adzakulandeni."

Gwirani pamenepa, abale anga, musawodzere. Zuze sanabzale ngakhale nthambi imodzi. Sanapereke nkhuku, sanalumbire kanthu. Wolonjeza anali mmodzi yekha.

Zuze analima mundawo zaka zingapo, ndipo pakhomo pa mayi uja panayamba kumveka mawu a anthu. Kenaka kunabwera lole yofuna matenanti a ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Zuze anamva zoti kumeneko munthu amagula njinga chaka chimodzi chokha, mtima unauluka. Ananyamuka ndi banja lake osatsanzika. Mayi uja anapita kunyumba kwa Zuze ndi kambale ka ndiwo monga ankachitira masiku onse, anakapeza chitseko chili pululu, mafuwa atazizira. Anabwerera ndi kambale kake, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Tsono mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Munda ukagona tsala, tsekera n'kumera, anthu amayamba kuwuyang'ana ndi diso lina. Chaka choyamba amangodutsa. Chaka chachiwiri wina amangiriramo mbuzi. Chaka chachitatu mumangoona mizere ya munthu wina, ndipo mlandu wake simungawine, pakuti munda ndi wa amene akuulima. Mayi uja ankazidziwa zimenezi. Choncho mvula isanagwe anatenga khasu n'kukasosa munda wa Zuze. Ankalima wake m'mawa, wa Zuze masana.

Ankalima yekhayekha. Mphepo ya ku Lizulu mukuidziwa, imalowa mpaka m'mafupa. Kumtunda kuja kunalibe wom'patsa moni, kunalibe wom'funsa kuti mwaswera bwanji. Akamva galimoto yaima kumsewu, ankaweramuka n'kuyang'ana kanjira kobwera kumudzi. Otsika ankakhala ogula kabichi ndi mbatata. Iye ankawerama n'kupitiriza mzere wake. Kusungulumwa kunkamupweteka kuposa msana.

Nkhondo inatha, ambiri anabwerera kwawo, koma za Zuze kunali zii. Zaka zinapita, mayi uja anakalamba, mphamvu zolima minda iwiri zinatha. Apo ndi pamene ana a mng'ono wake anabwera, atavala nkhope za chisoni ngati anthu opita kumaliro.

"Amayi aakulu, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tipatseni munda wa kumtunda uja, inu mutsale ndi wa kudambo. Mukudzipheranji chifukwa cha munthu amene sanakutsanzikeni n'komwe?"

Anawo sankanama. Zuze anachitadi mwano, ndipo munthu aliyense akanati mayiyo wamasuka. Khasu lake linkakwanira munda umodzi basi, anayenera kusankha. Kenaka anayankha.

"Tengani wa kudambo, umenewo ndi wanga, ndingathe kuupereka. Wa kumtunda uli ndi eni ake."

Anthu anamuseka. Ena ankati ukalamba wamulowa m'mutu. Ena ankanena mwachipongwe kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, uyunso limudulitsa wake. Kuyambira pamenepo mayi uja ankadya zochepa zimene miyala inkamupatsa, akuona ena akukolola ngolo zodzaza m'munda umene unali wake. Sanadandaule kwa munthu, koma misozi inkagwera m'mizere.

Chaka china, mwezi wa njala uja chimanga chisanache, mayiyo akupalira, kunafika mzimayi wowonda, ana awiri ali pambuyo pake. Anagwada kumapeto kwa mzere.

"Agogo, ndikufuna ganyu. Ngakhale mundipatse gaga, ana awa agone atadya."

"Ndiwe mwana wa yani, mayi?"

"Ndine Lozina, mwana wa a Zuze. Bambo anamwalira ku esiteti, amayinso anatsatira. Ankanena kuti kuno kuli anthu achifundo, koma iwo ankachita manyazi kubwerera."

Linali khanda lija linafika lili kumbuyo. Za munda sankadziwa chilichonse, bambo ake sanamuuzepo. Mayi wokalamba uja anayesa kuimirira mowongoka. Anatenga khasu lake n'kuliika m'manja mwa Lozina.

"Ganyu ndilibe, mwanangu. Munthu sagwira ganyu m'munda mwake."

Abale anga, fanizo langa lathera pamenepo, tanthauzo lake ndi ili. Pamene Mulungu ankachita pangano ndi Abrahamu, nyama zitadulidwa pakati monga mwa mwambo wa masiku amenewo, Abrahamu anali m'tulo tofa nato. Amene anadutsa pakati pa nyamazo ndi Mulungu yekha. Analonjeza dziko kwa munthu amene analibe ngakhale mwana, ndipo analonjezanso kwa zidzukulu zimene zinali zisanabadwe. Aisraele anachita monga Zuze. Anaona milungu ya anthu ena ikunyezimira, anakwera lole osatsanzika. Anakathera ku Babulo, akulima minda ya eni.

Ife tikamawerenga nkhani imeneyi timamvera chisoni Aisraele, kuti anavutika kuukapolo. N'zoona anavutika. Koma ndani amamvera chisoni amene anatsala? Mulungu anatsala yekha ndi lonjezo lake, akutuma aneneri, akuyang'ana kunjira, anthu a mitundu ina akumuseka kuti wasiyidwa ndi anthu ake omwe. Akanatha kunena kuti pangano latha, ndipo palibe akanamutsutsa. Sanatero. Itafika nthawi yoti asankhe, anapereka chake chenicheni, Mwana wake mmodzi yekhayo, kuti cholowa cha othawa chisalandidwe.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene munachoka kalekale mumtima, ngakhale thupi limabwera Lamulungu lililonse kudzakhala pa benchi. Mumabwera kwa Mulungu ngati aganyu. Mumati ndikasala kudya, ndikasesa m'tchalitchi, mwina andiponyera kagaga. Manyazi akukuphani monga anaphera Zuze, amene anafera kutali pamene munda wake unali wolimidwa kale. Lekani kupempha ganyu pakhomo pa Atate wanu. Pangano silinaime pa kukhulupirika kwanu, linaima pa Iye amene analonjeza, ndipo Iyeyo sanasunthe. Malo anu alipo, ndipo amene wakhala akukusungirani wadikira nthawi yaitali ali yekha. Bwererani lero.