Vasemaca Athamanga Yekha

Vasemaca ankapala kokonati m'khitchini mwa mayi ake ku Lautoka, koma maso ali pazenera. Kunjako kasitima ka nzimbe kankakwawa kulowera kufakitale, ndipo iye mumtima ankakapitirira, mapazi osagunda n'komwe pansi. Kuyambira ali kamtsikana ankalota zomwezomwezo: bwalo lodzaza anthu, mphepo ya kunyanja itamunyamula ngati nthenga, dzina lake likuyandama m'mwamba.

"Upala zala, iwe," anatero mayi ake. "Bwerera kuno, chinangwa chapsa."

Chaka chimenecho anamusankha mu timu ya Fiji yopita ku Apia, m'dziko la Samoa, ku mpikisano wa mayiko a pazilumba. Kumeneko chikho sichinali cha munthu mmodzi. Dziko lililonse linkabwera ndi othamanga, odumpha ndi oponya nthungo, aliyense n'kutola mapointi molingana ndi malo amene wamalizira, ndipo pamapeto ankawaphatikiza onse. Ngakhale wotsiriza ankabwerako ndi kenakake. Wobwera chimanjamanja anali wophwanya lamulo yekha. Masewera otsekera anali liwiro la atsikana anayi lopatsirana kamtengo, ndipo Vasemaca, poti ndiye anali mphezi, anamuika kumapeto.

Mphunzitsi wawo, Mayi Akanisi, anawasonkhanitsa ku Suva kuti azolowerane. Anali mayi wonenepa, wanthabwala, amene kale anali katswiri wothamanga.

"Ife tinkapita pa sitima ya pamadzi, ana inu, kusanza njira yonse," ankatero. "Bwalo lake la udzu, nsapato kulibe, kamtengo ka nsungwi. Koma m'sitima momwemo tinkapatsirana, kupatsirana, mpaka dzanja la mnzako ulidziwe ngati lako."

Vasemaca anayasamula. "Aphunzitsi, kulandira kamtengo n'kofunikanso sukulu? Angondipatsa. Zotsalazo asiyire miyendo yangayi."

Unaisi, mtsikana wa ku Kadavu amene ankayenera kumupatsira, anaseka. "Asisi, vuto mumanyamuka ngati galu wakuopsani. Ine ndikupezani bwanji? Sindine mphepo."

"Ndiye limbikira, kamba iwe."

Sabata isanathe Vasemaca anakwera basi kubwerera kwawo, ati mayi ake sakupeza bwino. Mayi Akanisi anaimba foni mpaka kutopa. Iye m'mawa uliwonse ankathamanga yekha m'tinjira ta m'minda ya nzimbe, mame akumunyowetsa m'miyendo, nkhungu ikum'patukira ngati khamu la anthu. Kumeneko kunalibe womudikira, kunalibenso woti iye am'dikire. Ankakoma kumuona, ndipo ankadziwa. Anakakumananso ndi anzake tsiku la ulendo lenilenilo.

Tsiku lomaliza ku Apia mvula inakata masana, bwalo n'kuyamba kufuka nthunzi. Fiji inali patsogolo pang'ono chabe, Papua New Guinea ili pachidendene. Mapointiwo sanabwere mophweka. Woponya nthungo anaponya chigongono chili chomanga. Wa liwiro lalitali anakomokera pamzere pofuna kupitirira munthu mmodzi yekha. Tsopano chinatsala n'chakuti atsikana anayiwo angofika bwinobwino, ngakhale pambuyo pa ena.

"Osachita zodabwitsa, ana anga," anatero Mayi Akanisi. "Kamtengo kafike. Basi."

Mfuti yoyambitsira liwiro inalira. Vasemaca anaima pamalo pake, akumva phokoso la anthu ngati mafunde akuswekera patali. Anaona Unaisi akukhota pakona, mutu uli m'mwamba, ali wachitatu. Mtima unamuuza kuti nthawi ndi imeneyi, ndipo ananyamuka, mnzakeyo asanafike pachizindikiro chimene ankayenera kuyang'ana.

"Dikirani! Asisi, dikirani!"

Mawuwo anamira m'phokoso. Unaisi anadziponya ndi mphamvu zake zotsala, kamtengo n'kukhudza dzanja la Vasemaca atadutsa kale mzere wopatsirana.

Ha, koma anathamanga mwana wamkazi! Bwalo linasungunuka, nkhope za anthu n'kusanduka maluwa ogwedezeka ndi mphepo. Anapitirira wa ku Samoa ngati waima. Anapitirira wa ku Papua New Guinea osamumva n'kupuma komwe. Thupi linapepuka, nthunzi ija ikumuzinga m'mawondo, ndipo kwa kanthawi sanadziwe ngati ali ku Apia kapena akadali m'tulo. Anadutsa pamzere ali woyamba, manja m'mwamba.

Anatembenuka kuti akumbatire anzake, koma panalibe amene ankabwera. Pakona paja woweruza anali ataimika mbendera yofiira. Timu ya Fiji inachotsedwa pa liwirolo osapatsidwa kalikonse, ndipo chikho chinapita ku Papua New Guinea.

Palibe anamukalipira. Woponya nthungo uja anangomasula bandeji yake pang'onopang'ono, akuyang'ana kumapiri. Mayi Akanisi anakhala pabenchi, nthabwala zitauma. Vasemaca anapeza Unaisi atakhala paudzu, akuvula nsapato, mawondo ali magazi.

"Ndinakuitanani, asisi," anatero Unaisi, osadzutsa mutu.

"Sindinamve."

"Mukanamva bwanji? Mawu anga simuwadziwa."

Vasemaca anakhala pansi pambali pake, kamtengo kakadali m'manja, osadziwa woti am'patse. Tsiku limenelo anathamanga kuposa masiku onse a moyo wake, koma liwirolo silinalembedwe paliponse, ndipo thukuta la anzake onse linapita ndi madzi. Sananame amene anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.