Wilo Inapita Kumanda

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Kamtambo, agogo awo a agogo anu. Kuuma mutu kwake, eee! Anapita ku Joni, n'kubwerako ndi jekete lakuda, malata a nyumba, ndi mtima wosakhulupirira munthu. M'bale ayi. M'busa ayi. Ngakhale mkazi wake Nangondo, amene anamutenga chitengwa kutsidya kwa Linthipe, ayi.

Nangondo ankafunsa, "Bambo a Esinta, mukadzatsogola, ine ndi anawa tidzakhala kuti? Pano si pathu."

"Ndinakonza kale."

"Munakonza chiyani?"

"Iwe, ukufuna ndife mawa?"

Ndinakonza kale, ndinakonza kale, mpaka tsiku lina munthu anangogwa m'munda, osatsanzika.

Adzukulu atasambitsa thupi, anapempha chovala. Inu mukanapereka chiyani? Nangondo anatulutsa jekete lija, analisasa fumbi ndi manja ake. "Apite ngati bwana," anatero. Linalowa m'bokosi, dothi pamwamba.

Tsiku lometa, Lunguzi, mwana wa mlongo wake wa malemu, anaimirira. "Za amalume ndi zathu. Mayi, kwanu kulipo."

"Anati anakonza!"

"Pepala lili kuti? Mboni ndani?"

Nangondo anafufuza m'sutikesi, anafufuza kudenga, anang'amba ndi pilo yemwe. Anapeza chiphaso cha kumigodi basi.

Patatha sabata kunabwera Che Bwanali, telala wa pamsika, amene maliro anamupeza ali ku Limbe. Anakhala pamphasa, anapepesa, kenako akuti, "Koma wilo ija mwaiona, mayi?"

"Wilo yanji?"

"Malemu analemba okha, kuti nyumba ndi ng'ombe n'zanu ndi ana. Ndinaisokera ndine m'kati mwa jekete. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu kufikira atafa."

Mwamva? M'jekete!

Nangondo anathamangira kwa akuluakulu, chitenje chikugwa. Anagwada. "Tifukule, chonde, pang'ono pokha."

"Kufukula manda? Mayi inu, ndinu mfiti?"

Nangondo anakoka telala uja kuti aikire umboni. Lunguzi anangomufunsa, "Munaiwerenga, Che Bwanali?"

"Ine kuwerenga sindidziwa."

"Munasainapo?"

"Ayi."

"Ndiye mwabwera kudzatiyeza malaya?"

Anthu anaseka. Pankhani ya maliro, anthu anaseka!

Mwezi usanathe Lunguzi anazula malata, ng'ombe anagulitsa. Nangondo anawoloka Linthipe ndi ana anayi, mphika umodzi pamutu. Kwawo anapeza kuti munda wake anapatsa ena kalekale. Esinta anakwatiwa asanakhwime, kuti odya achepe. Nangondo anakalambira m'kanyumba ka eni, akuyang'ana zikhatho zake, akungoti, "Manja angawa, manja angawa." Sanatukwane Lunguzi. Ankadzitukwana yekha.

Ndiye ndikufunseni, Kamtambo sankakonda banja lake? Ankalikonda. Sanalembe? Analemba. Nanga chinapindula chiyani? Chinsinsi chopusa! Pepala lodziwa iwe wekha ndi chakudya cha chiswe.

N'chifukwa chake pamtundu pathu pano, munthu akalemba wilo amaitana mboni ziwiri zodziwa kuwerenga, zisaine iye akuona. Amatchula wodzagawa chumacho. Amauza mkazi wake pomwe pepala lili, pamaso pa ana, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo mukadzaona azakhali anu pamaliro akupapasa chovala cha malemu asanachipereke kwa adzukulu, musadzaseke. Ameneyo ndi Nangondo, akufufuzabe.