Kamota ka pa Njinga ya Nachisale

Kalekale, koma osati kale la nyanda ayi, kale la dzanali mafoni atafika kale, kunali mayi wamasiye dzina lake Nachisale. Ankasoka mayunifolomu a sukulu pa Boma. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kuchoka kumudzi, kukwera chitunda chachitali, kutsetsereka mpaka pa mlatho wamatabwa wa mtsinje wa Msambankhunda, n'kukweranso tsidya linalo. Pofika kuntchito miyendo inali itafa kale, pomwe makina osokera nawonso amafuna mwendo.

Amuna atatu ankamufuna banja: Yotamu wakabaza wa njinga yamoto, Ledisoni wometa tsitsi, ndi Wisikoti wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Atatopa nawo, Nachisale anawauza pamaso pa malume ake, a Kachingwe, kuti, "Mawu okoma ndinamva kale kwa malemu. Ine ndidzakwatiwa ndi amene adzandichitire chinthu choti sindingathe kubweza."

Yotamu ndiye anayamba. Anabwera ndi kamota kamagetsi kochokera ku Joni, kakang'ono ngati papaya. Kamotako kamakhala pansi pa keliyala, ndipo kali ndi kagudumu kamene kamapsinja tayala lakumbuyo. Ukadina batani pa handulo, kagudumu kamazungulira, n'kumakankha tayala, njinga n'kumapita yokha. Wisikoti anati akamangirira iye mwaulere. Ledisoni anati batire azitchaja iye pa sola yake, mwaulerenso.

Kuyambira pamenepo Nachisale ankakwera chitunda atakhala mwaufumu, akudutsa anyamata amakala ali thukuta kamukamu. Pa mlatho ankawolokera limodzi ndi galimoto ya buledi, dalaivala n'kumuimbira hutala ngati moni. Zovuta zinalipo ndithu. Mvula ikagwa kagudumu kankaterera, batire silinkachedwa kutha, ndipo matayala ankaperepeseka ngati pali chimene chikuwaseteka. Akadandaula, atatu onse ankayankha ngati anapangana: "Zamagetsi zimatero, mayi."

Tsiku lina mvula inagwa usiku wonse, kunja n'kucha ndi chifunga. Nachisale atangotuluka m'mudzi anadina batani. Kamota kanalira, koma njinga osasuntha. Kagudumu kankangopukusa madzi pa tayala. Anatsika, anapukuta tayala ndi chitenje, anakwera, kanatereranso, anatsikanso. Ali mkati mopukuta anamva galimoto ya buledi ikudutsa, n'kumusiya.

Tayala litauma pang'ono, kamota kanagwira. Koma atangofika pamwamba pa chitunda, batire linati zii. Masiku onse pamtsetse uja ankadina batani mpaka pansi, kuti liwirolo limukweze tsidya linalo. Tsiku limenelo anatsetsereka ndi mphamvu ya njinga yokha, akutukwana chamumtima.

Atakhota pa ngodya yomaliza, tayala lakumbuyo linati phuu! Njinga inapepeluka, Nachisale n'kugwera m'matope chagada. Anadzuka ali wokonzeka kutchula maina a anthu ndi a makolo awo omwe. Pamenepo mphepo inakankha chifunga, iye n'kuyang'ana kutsogolo.

Mlatho kunalibe. Pomwe panali matabwa panali madzi ofiira akuwinduka, ndipo kuchokera pa mapazi ake kufika pa phompholo panali poti mwana akhoza kulavulira. Cha kumunsi, galimoto ya buledi inali itagona chammbali m'madzi, mikate ikuyandama ngati abakha, dalaivala atakangamira nthambi ya mkuyu akukuwa. Nachisale anakhala pansi m'matope momwemo. Anthu atabwera ndi zingwe kudzavuula dalaivala uja, anamupeza mayiyo akadali pomwepo, akuyang'ana tayala lophulika ngati laona mzukwa ndi ilo.

Madzulo ake pakhomo panadzaza anthu odzazonda. Atatu aja analiponso, atakhala pa benchi imodzi ngati oyimbidwa mlandu. A Kachingwe anamva nkhani yonse, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga, lero tikanakhala tikulira maliro. Wakupulumutsa ndi kuwonongeka kwa njingayi. Ukanapita nthawi yako, ukanagwa ndi galimoto ija."

Yotamu anatsokomola. Anakumbuka kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Malume, ngati ndi choncho, wapulumutsa mayiwa ndine. Kamotaka kanabwera ndi tigudumu tiwiri. Kena n'kokhakhala ngati chitsononkho, kamagwira ngakhale pa mvula. Ndinakabisa, n'kupereka kosalala ngati botolo."

"Chifukwa?" anafunsa Nachisale.

"Kuti mvula ikagwa muzindiitana ine ndi njinga yamoto. Koma inu mayi, kuuma mutu, mumangopukuta ndi chitenje. Onani tsopano, kupukuta komweko n'kumene kwakusemphanitsani ndi imfa."

Nachisale anatsegula pakamwa, koma asanapeze mawu Ledisoni anali ataimirira kale.

"Achimwene, musadye nokha. Kuchedwa n'kuchedwa, koma mayiwa akanatsika mtsetse uja ndi moto wonse, bwenzi atauluka mpaka m'madzi. Anawachepetsa liwiro ndani? Batire lija sindinalidzazepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndimalichotsa lili pakati."

"Ledisoni, iwe amene umandipatsa mpando ndi tiyi?"

"Eya, mayi. Likanadzaza mukanabwera kawiri pa sabata. Ine ndimafuna tsiku lililonse. Ndipo dzulo," anatero akukanda m'mutu, "ndinametanso nalo anthu angapo, dzuwa kunalibe."

Mayi wina wa mpingo anagwira pachifuwa. Maso onse anatembenukira kwa Wisikoti, munthu wofatsa, woyimba kwaya, amene ankadziwika kuti ngakhale nati yotoledwa pamsewu amafunsa mwini wake. Nachisale anati, "A Wisikoti, inu nokha ndiye mwatsala. Ndiuzeni kuti tayala lija laphulika lokha."

Wisikoti anayang'ana zala zake zakuda ndi girizi.

"Tayala siliphulika lokha, mayi. Kagudumu kaja kamafunika kangokhudza tayala mokwanira. Ine ndimakamanga mopitiriza, ndiponso mopendekeka, kuti kazidya mphira mbali imodzi. Mukabwera kudzamatitsa chubu, mumakhala pansi pa mango paja, timacheza. Awa akuti kuchedwa, awa akuti liwiro. Koma mabuleki onyowa, m'chifunga, mukanaima ndi chiyani? Amene anakuimitsani pakamwa pa phompho ndine."

"Wakupha uyu," anatero Yotamu. "Tayala limenelo likanaphulika tsiku lina pakati pa magalimoto?"

Wisikoti anamubwezera, "Nanga iwe wobisa katundu? Mayiwa akanagwa pa matope n'kuthyoka mwendo?"

"Nonse awiri khalani chete," anatero Ledisoni. "Ine changa sichinagwetsepo munthu."

"Chako chinamukankhitsa njinga pa chitunda ngati bulu," anatero Yotamu.

Nachisale sanalire, sanatukwane. Anangowayang'ana mmodzimmodzi. Anakumbuka matayala onse amene anagula, chitenje chake chatsopano chimene chinasanduka chopukutira, ndi masiku amene anafika kuntchito mochedwa n'kukalipiridwa ngati mwana. Kenako anakumbuka mikate ija ikuyandama. Anthu ena amati mantha a pa mlatho anali ochepa poyerekeza ndi a pa benchi paja.

Potsiriza anati, "Malume, ine mawu anga ndabweza."

A Kachingwe anakana. "Mawu unanena pamaso panga, anthu akumva. Unati chinthu choti sungathe kubweza. Moyo ungaubweze? Sankhapo mmodzi."

"Ndisankhe pakati pa akuba atatu?"

"Akuba omwewo ndi amene achititsa kuti lero uyankhule."

Mpaka lero njinga ija ikadali chotsamira khoma, tayala lili phwa, ndipo atatu aja amadutsa pakhomopo m'mawa ndi madzulo, aliyense atavala malaya ochapa.

Tsono inu amene mwakhala apa, mlanduwu ndautula m'manja mwanu, ndipo amene alibe kachinyengo kake m'chikondi ayambe ndiye kuyankha. Nachisale akwatiwe ndi yani: Yotamu amene anamuchedwetsa, Ledisoni amene anamuchepetsa liwiro, kapena Wisikoti amene anamugwetsa m'matope? Kapena munene kuti munthu akakupulumutsa ndi msampha umene anakutchera yekha, ngongole ili kwa iwe kapena kwa iye?