Mzere Umodzi wa Torunn

Kalekale, kumpoto kumene nyanja imaundana mpaka ng'ombe n'kuyendapo, kunali mmisiri wina dzina lake Hallvard. Ntchito yake inali kuzokota maruna, zilembo zamphamvu za anthu a kumeneko. Runa amalilemba ndi mpeni pamtengo, n'kulipaka magazi a wolembayo, n'kulitchula dzina. Akatero limadzuka.

Mwana wake wamkulu, Eyvind, anamuphunzitsa maruna onse. Wamng'ono, mtsikana Torunn, ankangosesa tizibenthu ta mitengo. Atakakamira kwambiri, bambo wake anamusonyeza limodzi lokha: Isa, runa la madzi oundana, loimitsa chilichonse choyenda. Ndi mzere umodzi woongoka basi, ndipo Hallvard anati ngakhale nkhuku popalasa imalilemba.

Panali lamulo lakuti runa lotchedwa Thurs, looneka ngati munga, ndi la ziphona, ndipo salilemba katatu. Koma Eyvind anali wamatama, ndipo paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tsiku lina masana, pofuna kudabwitsa asodzi, analizokota katatu pankhafi, nadzicheka chala, nalitchula.

Agalu ndiwo anayamba kukhala chete. Kenako phiri linagwedezeka, ndipo kunatsika chiphona cha mitu itatu, miyendo yake mathunthu a mitengo, makungwa ndi onse. Sichinathamange. Chinadutsa pakati pa amuna a mikondo amene anangoti kakasi, chinatola Eyvind ngati nkhuni, n'kubwerera kuphiri.

Amuna aja anakhala upo masiku awiri, aliyense akuyamikira mkondo wa mnzake. Tsiku lachitatu Torunn anatenga nkhafi ija ndi mpeni wa bambo wake n'kunyamuka, ndipo palibe amene anazindikira kuti wachoka.

M'njira anapeza khwangwala miyendo itakanirira m'madzi oundana. Anafumbatira miyendoyo ndi manja, akuuzira mpweya, mpaka mbalameyo inamasuka. Pothokoza, khwangwala anamuuza kuti asayese kudula mitu ya chiphona, pakuti ukadula umodzi pamaphuka iwiri. Anati chiphonacho chimakonda ndagi, ndipo mitu ikamalimbirana kuti uponye ndi uti, siyang'ana pansi. Anatinso amene chawagwira chimawasandutsa zitsamba zaminga, ndipo kuti abwerere kukhala anthu, maruna a pankhafi ayenera kupalidwa n'kutenthedwa, koma chiphona chitafa.

Pakhomo pa phanga panali zitsamba zija, ndandanda. Kunalibe mphepo, koma zinkanjenjemera. Chimodzi chinali ndi maso, ndipo Torunn anawadziwa.

"Achimwene, ndine," ananong'ona.

Chiphona chinatuluka chitawerama. Osamuyang'ana n'komwe mtsikanayo, chinathyola nthambi pa chitsamba china n'kuiponya pamoto, ndipo nthambiyo inalira ngati munthu. Torunn anachita mantha osaneneka. Mutu wapakati unamuuza kuti nkhuni zatha, chitsamba cha maso chija chipsa lero lomwe. Koma poti wabwera yekha, amuponyera ndagi zitatu. Akalephera imodzi, nayenso amera pompo ngati chitsamba.

"Chilape," unatero mutu wa kumanja.

"Nachize," anayankha Torunn.

"Kavalo wopanda miyendo, msipu wake wamchere."

Mwana wa kunyanja sakanalephera imeneyo, anati ndi ngalawa. Mitu inayamba kukangana, kulavulirana, ndipo iye anayandikira mwendo wa chiphona n'kuzokota Isa choimirira, kuchokera m'mwamba kutsika, monga ankalionera. Mzerewo unatsekeka pomwepo ngati walemba pamadzi.

Mutu wa kumanzere unafunsa za mlendo amene amalowa osaodira, n'kuluma wopanda mano. Torunn anati ndi chisanu. Mitu inakangananso, iye anazokotanso, mozama kuposa poyamba, ndipo mwendowo unamezanso chilembo.

Apa mutu wapakati unatsika mpaka mpweya wake wonunkha unamuwomba kumaso.

"Kamwana iwe, ukapsa pamoto wanga, kwanu adzakulira ndani?"

Torunn anatsegula pakamwa, koma yankho analibe. Zinamupweteka kuposa mantha, chifukwa ankadziwa kuti mwina mpaka pano akwawo sanayambe kumufuna. Zala za kumapazi kwake zinayamba kulowa m'nthaka, makungwa akukwera m'miyendo. Mitu itatu inagadama ndi phwete.

Poganiza za kwawo, anadziona ali ndi tsache kuseri kwa mpando wa bambo wake, iwo akukalipira Eyvind kuti mpeni ukatsata mitsempha ya mtengo, mtengo umameza chilembo. N'chifukwa chake mmisiri amagoneka ndodo n'kudula mopingasa. Bambo wake sanamuuzepo iye zimenezi. Anangozitola pamodzi ndi zinyalala.

Makungwa anali atafika m'chiuno. Anadzitambasula, nadula mwendo wa chiphona mopingasa, mzere umodzi, ndipo uwu unakhala. Anadzicheka chikhatho n'kuchikanikiza pamzerepo.

"Isa," anatero.

Kuseka kunaduka pakati. Kuzizira kunakwera mwendo, kunagwira mimba, kunafika kukhosi. Mutu wa kumanja unauma uli chiyasamire, wa kumanzere ukutukwana, wapakati ukumuyang'anabe. Kenako chiphona chinang'aluka kuyambira pamzere paja n'kugumukira pansi zidutswazidutswa.

Makungwa anayoyoka m'miyendo mwa Torunn. Anapala maruna atatu a pankhafi n'kuponya zopalazo pamoto, ndipo zitsamba zinadzuka zili anthu, ena opanda zala, wina wopanda mkono. Eyvind anali wathunthu.

Kumudzi anawalandira ndi nyimbo, ndipo amuna a upo aja ndiwo ankaimba mokweza. Hallvard anadutsa onsewo, maso ali psuu, mapazi atatupa. Anthu anati wakhala akuzungulira gombe masiku anayi akuitana dzina la Torunn.

Anagwira dzanja la mwana wake lija linakanikiza runa, napeza lili lozizira ngati mwala. Analiuzira mpweya, analifungatira pachifuwa, koma silinafunde, ndipo silinadzafundenso moyo wake wonse. Mkuluyo analira pamaso pa anthu.

M'mawa mwake Hallvard anatenga tsache n'kupatsa Eyvind. Kenako anakhazika Torunn pampando wake wa ummisiri, namuikira mpeni m'dzanja lozizira lija.

"Mwana wanga," anatero, "tiyeni tiyambe runa lachiwiri."