Miyala Inayi ya Aphunzitsi Elifazi

Kalekale, belu la tchalitchi lidakali chinthu chachilendo, panali midzi iwiri yoyang'anizana pa mtsinje wa mathithi. Tsidya lino kunali mphunzitsi wa mpingo, dzina lake Elifazi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Dorika, anakwatiwa tsidya linalo.

Elifazi ankadana ndi nkhondo. Iye anali atawerenga kuti akuluakulu a mpingo akale anavutika ndi funso ili: kodi Mkhristu, wolamulidwa kukonda adani ake, angagwire mkondo? Ena anati ayi, zivute zitani. Ena anati inde, koma pokhapokha mafunso olemera atayankhidwa. Choncho Elifazi anatola miyala inayi, mwala uliwonse funso lake, naiika pansi pa belu. Mudzi unapangana kuti belu la nkhondo adzaliza ndi iye yekha, miyala yonse ikadzachoka.

"Sidzachoka imeneyi," ankatero mumtima.

Chaka china a tsidya lija analanda dambo lotapako dothi la mchere. Chikadza, wosula mikondo, anafika kwa Elifazi ndi amuna onse a tsidya lino.

"Aphunzitsi, funsani mafunso anu aja. Tinawaloweza kuposa katekisimu!"

"Kodi mwalakwiridwa?"

"Dambo ndi la makolo athu."

Mwala unachoka.

"Kodi bwalo lonse lavomera, osati mkwiyo wa munthu mmodzi?"

"Lavomera."

Mwala unachoka.

"Kodi mwapempha mtendere katatu?"

"Katatu!"

Zinali zoona, ana inu. Mthenga wawo anakaima pa mathithi penipeni, pamene madzi amameza mawu onse, nafuula katatu.

"Koma anakumvani?" anafunsa Elifazi.

"Munatiphunzitsa kupempha, aphunzitsi. Za kumva simunanenepo."

Mwala unachoka.

"Kodi mudzaleka akazi, ana, ndi onse osagwira chida?"

"Tikulumbira! Dorika wanu sitimukhudza ngakhale ndi chala."

Mwala unachoka. Elifazi anayang'ana pansi kufuna wachisanu. Panalibe. Analiza belu.

Amuna aja anasunga lumbiro lawo. Mkazi sanamukhudze. Mwana sanamukhudze. Anangotentha nkhokwe, zonse, ndi mbewu zodzala zomwe.

Njala italowa tsidya lija, Elifazi anasenza dengu la chimanga kupita pa dooko. Alonda a mudzi wake womwe anamuimitsa.

"Bwererani, aphunzitsi. Chakudya sichipita kwa adani."

"Kuli mwana wanga kumeneko!"

"Nkhondoyi ndi yolungama. Belu munaliza ndinu."

Anabwerera. M'mawa mwake anapitanso. Anabwerera. Anapitanso. Anabwerera, mpaka chimanga chinafumbwa m'dengu.

Mvula ili pakati, uthenga unaoloka wakuti Dorika anafa ndi njala, anaikidwa dzana.

Chikadza anabwera kudzapepesa maliro, chipewa chili m'manja.

"Pepani, aphunzitsi. Koma mboni ndinu nomwe: sitinamukhudze."

Elifazi anasanthula chiphunzitso chake chonse, funso ndi funso, kufuna pamene amuna aja anachiphwanya, kuti mwina apeze womuloza chala. Sanapeze. Anatola miyala ija m'fumbi, naibwezera pansi pa belu, pakuti analibe china choikapo.

Nthano yanga yagona pamenepo, pansi pa belu lija. Mtima ukasankha kale nkhondo, mafunso abwino saubweza, amangousambitsa m'manja.